Zaka 11 pa njinga ku Ntcheu, ma L ofiira ku Norfolk

Laisensi ya njinga yamoto ya ku Malawi imagwira ntchito kuno ku Britain, koma kwa miyezi 12 yokha kuchokera tsiku limene munthu wayamba kukhala m'dziko muno. Miyezi imeneyi ikatha, kakhadi kaja kamangotsala kokumbukira kumudzi. Kaya mudakwera njinga zaka zingati, kaya mudanyamulapo matumba angati a chimanga kumbuyo, lamulo la kuno limakuwerengani pamodzi ndi mnyamata wa zaka 17 amene sadagwirepo mahandulo. Ndaganiza zolemba nkhaniyi chifukwa achinyamata a kabaza amandifunsa kawirikawiri pa WhatsApp ngati angadzayambe kuperekera zakudya pa njinga akangotsika ndege, ndipo yankho lake silikwana pa uthenga wa mphindi imodzi.

Ine njinga ndidaidziwira ku Ntcheu. Kwa zaka 11 ndidagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi, ndipo mnzanga wa tsiku ndi tsiku adali Yamaha AG 200, njinga yosathamanga koma yosadziwa kukana. Ndidakwera nayo zitunda za ku Tsangano nthawi ya dzinja, matope akufika m'maondo, n'kutsika nayo kuchigwa cha Bwanje komwe mchenga umagwetsa aliyense wothamanga mtima. Laisensi ndidali nayo, ya kodi A, yotengedwa m'njira yake. Choncho pamene ndinkabwera kuno mu 2022 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, nkhawa ndidali nazo zambiri, koma ya njinga padalibe.

Ntchito yanga ndi yoyendera okalambawo m'makomo mwawo: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala ndi chakudya cha m'mawa, kenaka kuthamangira kwa ena. Dera lathu ndi la Norfolk, kum'mawa kwa England, lathyathyathya ngati ku Chikwawa, midzi yake yotalikirana, minda ya tirigu ndi balere pakati. Agogo oyamba amandiyembekezera 7 koloko m'mawa, achiwiri ali mamailosi 5 kapena 8 kuchokera pamenepo, ndipo basi za m'midzi imeneyi zimadutsa kangapo chabe pa tsiku, Lamulungu n'kusoweratu. Amene alibe choyendera amapatsidwa maola ochepa, maola ochepa ndi ndalama zochepa, pamene lendi ya chipinda siyang'ana zimenezo. Galimoto ndidaiwerengera, koma mtengo wake, mtengo wa inshulansi yake ndi mzere wodikira mayeso zidandibweza. Njinga yaing'ono ndiyo idali pafupi ndi thumba langa. Ndalama yake idakwana chaka choyamba chili pafupi kutha, motero laisensi ya kwathu sindidaidalire n'komwe, ndidayamba kufunafuna ya kuno.

Pali mayiko amene laisensi yawo imangosinthanitsidwa ndi ya Britain popanda mayeso. M'chigawo chathu, South Africa ndi Zimbabwe ali pa mndandandawo. Malawi mulibe, Zambia mulibenso. Ndimagwira ntchito ndi mayi wina wa ku Harare, mdzukulu wa Amalawi amene adapita kukagwira ntchito ku Zimbabwe kalekale. Iwo adangotumiza laisensi yawo pa positi n'kulandira ya kuno patapita masabata angapo, pamene ine wochokera kwa makolo awo ndidayambira pansi. Mpaka lero amandiseka kuti agogo awo adaona patali. Kabuku kotchedwa International Driving Permit, komwe ena amatenga asadanyamuke poganiza kuti ndi laisensi ya dziko lonse lapansi, sikaonjezera ngakhale tsiku limodzi pa miyezi 12 ija. Ntchito yake n'kungomasulira zimene zalembedwa pa laisensi yanu.

Choyamba ndi laisensi yophunzirira, yobiriwira, yochokera ku ofesi ya DVLA mumzinda wa Swansea ku Wales. Mukafunsira pa intaneti ndi mapaundi 34, pa positi ndi 43. Amafuna umboni wakuti ndinu yani, ndi wakuti muli ndi chilolezo chokhala m'dziko muno kwa masiku osachepera 185. Simukaima pamzere, simuona nkhope ya munthu, khadi imabwera yokha pakhomo. Northern Ireland ili ndi ofesi yakeyake ndi malamulo osiyanako, choncho zimene ndikunenazi ndi za England, Scotland ndi Wales.

Kenaka pamabwera CBT, maphunziro a tsiku limodzi amene adakhazikitsidwa mu 1990 pofuna kuchepetsa ngozi za ongoyamba kumene. Masukulu ake ndi a anthu wamba ovomerezedwa ndi boma, ndipo mtengo umasiyana, nthawi zambiri pakati pa mapaundi 100 ndi 200. Tsikulo limayamba ndi maso: muwerenge nambala ya galimoto muli pa mtunda wa mamita 20. Mukalephera mwabwerera pomwepo, mukagule kaye magalasi. Mukadutsa apo mumayenda m'bwalo lotsekedwa, kuzungulira timakoni, kuima mwadzidzidzi, kutembenuka osaponda pansi. Masana mumakhala pansi n'kukambirana malamulo a pamsewu, ndipo pomaliza mumalowa mumsewu weniweni kwa maola osachepera awiri, mphunzitsi ali kumbuyo pa njinga yake, akukuyankhulani pa kawayilesi ka m'khutu.

Tsiku langa tidalipo anayi: ine wa zaka 41, anyamata awiri osamera ndevu, ndi mtsikana wina wa kukoleji. M'bwalo zidayenda mosavuta, munthu amene adakwera Tsangano saopa timakoni. Mphunzitsi wathu, bambo wa imvi, adandiyang'ana nditazungulira kawiri n'kunena kuti njinga ndimaidziwa kale, chotsala n'kuphunzira msewu wawo. Adanena zoona. Kwathu msewu timayendetsa ndi hutala. Mbuzi, ana a sukulu, ngolo, wa njinga yakapalasa amene wasanjikiza matumba a makala, onse amamva hutala n'kupatuka. Kuno hutala ndi yochenjezera pangozi pokha, ndipo m'malo okhala anthu n'koletsedwa kuiliza kuyambira 11:30 usiku mpaka 7 koloko m'mawa. Chimene amafuna kuno ndi khosi. Musadanyamuke, musadakhote, musadasinthe mzere, musadatuluke pa raundabauti, muyang'ane pagalasi kenaka mucheuke ndithu kuona cha paphewa, chifukwa pambali panu pali malo amene galasi silionetsa, ndipo galimoto yathunthu imatha kubisala pamenepo. Kucheuka kumeneku amakutcha lifesaver, kutanthauza chopulumutsa moyo, ndipo mphunzitsi amawerenga kulikonse. Madzulo a tsikulo khosi lidandiwawa kuposa miyendo.

Mwayi wathu Amalawi n'ngwakuti kuno amayenda kumanzere ngati kwathu, ndipo pa raundabauti amapatsa mpata wochokera kumanja monga tichitira ku Lilongwe. Chosiyana ndi zikwangwani za liwiro, zomwe zimawerenga mamailosi. Mukaona 30, ndiye kuti makilomita 48 pa ola.

CBT si mayeso okhoza kapena kulephera, koma mphunzitsi akapanda kukhutira amakuuzani kuti mubwerenso tsiku lina. Akakhutira amakupatsani satifiketi yotchedwa DL196, yomwe imakhala zaka 2. Nayo mumaloledwa kukwera nokha njinga yosapitirira 125cc, mutamata chilembo L chofiira kutsogolo ndi kumbuyo, osanyamula munthu, osalowa m'misewu ikuluikulu yotchedwa motorway. Lomalizali silidandikhudze chifukwa Norfolk yonse ilibe msewu wotero ngakhale umodzi. La kunyamula munthu ndilo ndikufuna a kabaza alimve bwino. Masiteji a njinga zonyamula anthu, monga tiwadziwira ku Chinsapo kapena ku Ndirande, kuno simuwaona, ndipo wa ma L sanganyamule ngakhale mayi a kunyumba kupita nawo kutchalitchi. Kukwera satifiketi ija itatha ndi mlandu wa chindapusa chofika mapaundi 1,000 ndi mapointi ofika 6 pa laisensi.

Pamenepa ndili ndi mawu anga. Lamulo limalola munthu kubwereza CBT zaka 2 zilizonse mpaka kalekale, osalemba mayeso enieni. Anyamata ambiri operekera zakudya ku London ndi m'mizinda ina ali pa ma L, ataphunzira tsiku limodzi, ndipo ndiwo amakhala pamsewu maola ambiri kuposa wina aliyense, pa mvula, mumdima, foni ikuwathamangitsa. Dziko lokhwimitsa malamulo chotere lidasiya khomo limeneli losatseka, ndipo ine sindiliona ngati chifundo kwa anyamatawo.

Njinga ndidagula yakaunjika, Honda CB125F. Pogula mumafunsa buku lake lotchedwa V5C, losonyeza amene akuisunga, n'kufanizira manambala a m'bukumo ndi a pa chitsulo cha njinga, chifukwa zakuba n'zambiri. Njinga ikakwanitsa zaka 3 imayenera kuyesedwa chaka ndi chaka ngati ili yoyenera pamsewu, zomwe amazitcha MOT, monga COF ya kwathu. Pali msonkho wa pamsewu, womwe pa njinga yaing'ono ndi wochepa. Zonsezi sizichedwa. Nkhani yaikulu, imene yagwetsa anthu athu ambiri kuposa mayeso, ndi inshulansi.

Britain idayamba kukakamiza inshulansi ya pamsewu mu 1930, ndipo lamulo limene likugwira ntchito lero ndi Road Traffic Act ya 1988. Lamuloli silisamala kwenikweni za njinga yanu; cholinga chake n'chakuti munthu amene mungamuvulaze apeze womulipira. Inshulansi yotsikitsitsa, ya third party, imalipira kuvulala kwa ena popanda malire, ndi katundu wa ena kufika pa mapaundi 1.2 miliyoni kapena kuposa. Pamwamba pake pali yoonjezera moto ndi kuba, ndiye pali comprehensive yomwe imakonzanso njinga yanu. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zina comprehensive imatsika mtengo kuposa third party, choncho munthu ayenera kufunsa mitengo ya zonse zitatu asadasankhe.

Mafunso a pa fomu ndi ambiri kuposa a ankhoswe. Muli ndi zaka zingati, mumagwira ntchito yanji, mwakhala m'dziko muno kuyambira liti, laisensi mwakhala nayo nthawi yaitali bwanji, njinga imagona kuti usiku, m'galaja kapena pamsewu, mumaimanga ndi tcheni chanji, mudzayenda mamailosi angati pa chaka. Yankho lililonse limasuntha mtengo. Dera lokha limene mukukhala likhoza kuukweza kwambiri ngati kumeneko amaba njinga. Zaka zanga 11 zopanda ngozi ku Ntcheu sizidawerengedwe. Pa kompyuta yawo ndidali mlendo wa laisensi yophunzirira ya dzulodzulo, ndipo chaka choyamba ndidalipira ndalama yoposa theka la mtengo wa njinga yomweyo. Zidandiwawa, ndipo zimandiwawabe ndikaganiza. Kulipira pamwezi nakonso ndi ngongole yokhala ndi chiwongoladzanja, ndipo mlendo wopanda mbiri ya ngongole kuno nthawi zina amakanizidwa. Palinso ndalama yotchedwa excess, yomwe mumatulutsa nokha m'thumba pakachitika ngozi kampani isadaikepo yake. Mukavomera excess yaikulu mtengo wa pachaka umatsika, koma ndalamayo mukhale nayodi penapake.

Funso loopsa kwambiri pa fomu yonse ndi lakuti njingayo mudzaigwiritsa ntchito yanji. Pali magulu. Loyamba ndi la maulendo anuanu: kumsika, kutchalitchi, kukaona abale. Lachiwiri limaonjezera kupita ndi kubwera ku malo amodzi a ntchito. Wosamalira okalamba m'makomo salowa m'magulu awiriwa, chifukwa malo ake a ntchito ndi nyumba 8 kapena 10 pa tsiku. Iye amafunika gulu la business. Woperekera chakudya kapena katundu molipidwa amafunika lina losiyananso, la hire and reward, lodula kwambiri. Mukasankha gulu lotsika kuti mupulumutse mapaundi angapo, pepala mumakhala nalo, pa kompyuta ya apolisi njinga imaoneka kuti ili ndi inshulansi, ndipo mukhoza kuyenda miyezi osadziwa kanthu. Koma wapolisi akakuimitsani mutavala yunifolomu ya kuntchito pakati pa nyumba ziwiri, kapena muli ndi chibokosi cha zakudya kumbuyo, n'kuimbira foni kampani yanu, mumapezeka kuti pa ulendo umenewo mulibe inshulansi. Ine ndidaimbira kampani ndisadalipire, n'kufotokoza ntchito yanga mmene ilili, n'kupempha kuti mawu akuti business aoneke pa satifiketi. Kuntchito adafunanso kope yake asadandiike pa ndandanda ya oyenda okha.

Bodza la pa fomu nalo limabwera kudzagogoda mochedwa. Ena amalemba adiresi ya mnzawo wa kumudzi wa phee pamene iwo akukhala pakati pa mzinda, ena amaonjezera zaka zimene akhala m'dziko muno. Lamulo la mu 2012 limalola kampani ikapeza kuti mudanama dala kufafaniza inshulansiyo ngati kuti siidakhalepo, ndalama zanu osabweza, ndipo mafomu onse a mtsogolo adzakufunsani ngati inshulansi yanu idafafanizidwapo.

China chimene chimativuta ndi kubwerekana. Kwathu tidazolowera kuganiza kuti inshulansi ndi kapepala ka pa njinga, ndipo aliyense wodziwa kukwera akhoza kutenga makiyi. Kuno inshulansi imatchula dzina la munthu pamodzi ndi njinga yake. Kubwereka njinga ya mnzanu kwa mphindi 10, dzina lanu lisali pa pepalalo, ndi mlandu kwa inu ndiponso kwa mwini wake amene wakulolani. Ndidakanizapo m'bale wa mumpingo amene ankafuna kuthamangira kusitolo, ndipo kwa masabata angapo moni wake udali wozizira. Adauza anthu kuti ndasanduka mzungu. Kufotokozera Mmalawi kuti kumumana njinga n'kumuteteza si ntchito yamasewera.

Kugwidwa kuno sikudikira rodibuloko. M'misewu ndi pa galimoto za apolisi muli makamera owerenga manambala, omwe amafanizira nambala iliyonse ndi kaundula wa inshulansi wa dziko lonse. Wopezeka alibe amalipira mapaundi 300 ndi kulembedwa mapointi 6, ndipo nkhani ikapita kukhoti chindapusa chilibe malire, akhozanso kuletsedwa kuyendetsa. Njinga amailanda pomwepo. Mukapanda kuiombola m'masiku 14 ndi inshulansi yoyenera ndi ndalama ya kuinyamula ndi kuisunga, amaigulitsa kapena kuiphwanya. Kuyambira mu 2011, ngakhale njinga yongoima pakhomo imayenera kukhala ndi inshulansi pokhapokha mutauza DVLA kuti siikulowa pamsewu. Mapointi 6 si ochepa: amene wangokhoza mayeso ake oyamba akafika pa 6 m'zaka 2 zoyamba, laisensi imalandidwa, abwererenso pa ma L. Mlandu wa inshulansi umakhala pa laisensi zaka 4, makampani amafunsa za zaka 5, ndipo mafomu ofunsira unzika amafunsa za milandu, kuphatikizapo ya pamsewu.

Koma chimene ine chimandiopsa si wapolisi. Mukagunda munthu mulibe inshulansi, wovulalayo samangosiyidwa. Pali bungwe la Motor Insurers' Bureau, lokhazikitsidwa mu 1946, lomwe limamulipira ndi ndalama zosonkhedwa ku makampani a inshulansi, kutanthauza m'matumba a onse olipira moona mtima. Likatero limatha kukutsatirani inuyo kuti mubweze. Ntchito yanga ndi yotembenuza pabedi anthu amene sangathe kudzuka okha, ena mwa iwo chifukwa cha ngozi, ndipo ndikudziwa kuti munthu mmodzi wotero amafuna manja angati pa tsiku, chaka ndi chaka. Ngongole imeneyo singabwezedwe ndi malipiro a ntchito ngati yathu, ngakhale ana anu atathandiza.

Pamene mitengo ili yokwera, akuba sasowa. Mnyamata wina wa dziko loyandikana nafe, amene tinkapemphera naye, adagula inshulansi kwa munthu wa pa WhatsApp amene ankalonjeza theka la mtengo kwa abale a ku Africa. Satifiketi idabwera yooneka bwino, chikomekome cha mkuyu. Akubawa, omwe apolisi a kuno amawatcha ghost brokers, amapanga pepala labodza, kapena amakugulirani inshulansi yeniyeni ndi mbiri yabodza, kapenanso amagula yeniyeni n'kuifafaniza patapita masiku ochepa, ndalama yobwezedwayo n'kutenga iwo. Mnyamatayo adaimitsidwa pa msewu wa A47 akupita kuntchito. Njinga idakwezedwa pa lole, mapointi adalembedwa, nambala ya wogulitsa uja idasiya kupezeka. Kunena kuti ndidapusitsidwa sikuchotsa mlandu, chifukwa udindo wotsimikiza ndi wa wokwera. Adataya maola a kuntchito kwa miyezi, ndipo ana ake kumudzi adaphonya temu yathunthu. Wogulitsa inshulansi wovomerezeka amapezeka m'kaundula wa bungwe la Financial Conduct Authority pa intaneti, ndipo mukalandira satifiketi mukhoza kuimbira kampani yolembedwapo, pa nambala imene mwaipeza nokha, kufunsa ngati dzina, zaka ndi adiresi zili zanudi.

Kwa inu a kabaza ofuna kudzaperekera zakudya, palinso mpanda wina umene laisensi ndi inshulansi siziudumpha. Viza ya alendo siilola ntchito. Viza ya ophunzira siilola munthu kudzilemba yekha ntchito, pamene operekera zakudya pa Uber Eats kapena Deliveroo amawerengedwa kuti ndi odzilemba okha. Viza ngati yanga imakumangirirani kwa bwana amene adakuitanitsani, ndi malire okhwima pa maganyu a pambali, ndipo khomo lobweretsera osamalira okalamba kuchokera kunja lidatsekedwa mu July 2025. Kubwereka akaunti ya wina kuti muzigwirira m'dzina lake ndiko boma lakhala likusaka kwambiri. Ena amathawira ku njinga zamagetsi poganiza kuti sizifuna mapepala. Sizifunadi, ngati mota yake siiposa mawati 250 ndipo imasiya kukankha mukafika makilomita 25 pa ola. Ikasinthidwa kuti izithamanga kuposa apo, lamulo limaiona ngati njinga yamoto, ndipo zonse ndafotokozazi zimaigwera.

Ine sindidafune kukalamba ndi ma L. Mayeso a laisensi yathunthu ali patatu. Oyamba ndi a pa kompyuta, mapaundi 23: mafunso 50, mukhoze osachepera 43, kenaka timakanema 14 tomwe mumadina mukangoona chimene chingabweretse ngozi, ndipo mumafunika mamalikisi 44 mwa 75. Achiwiri, Module 1, ndi a m'bwalo, mapaundi 15.50: kukankha njinga ndi manja, kuyenda pang'onopang'ono ngati mukutsatira maliro, kulemba 8 pakati pa timakoni, kuima mwadzidzidzi ndi kuzemba chopinga mukuthamanga makilomita osachepera 50 pa ola, makina akuyeza liwiro. Achitatu, Module 2, ndi a mumsewu, mphindi pafupifupi 40, woyesa ali kumbuyo, mapaundi 75 m'kati mwa sabata. Mitengo ya boma ndi yotsika. Chodula ndi maphunziro ndi kubwereka njinga yaikulu kusukulu. Mukayesedwa pa 125cc mumalandira A1, yomwe imachotsa ma L koma imakusiyani pa njinga zazing'ono. A2 imayambira zaka 19 ndipo ili ndi malire a mphamvu ya injini. A, yopanda malire, imatheka mwachindunji kuyambira zaka 24, pa njinga ya 595cc kapena kuposa. Ndidasunga ndalama miyezi ingapo n'kuyesedwa pa yaikulu, ngakhale ndimakwerabe Honda yanga yomweyo. Khadi yapinki itabwera, ndipo chaka chitatha popanda ngozi, mtengo wa inshulansi udatsika mooneka.

Chimene sukulu siingakuphunzitseni bwino ndi nyengo yozizira. Mu December kumada 4 koloko madzulo. M'mawa msewu umatha kukhala ndi madzi oundana osaoneka, ongong'anima pang'ono, ndipo buleki ya kutsogolo mukaigwira mwamphamvu pamenepo mwagona. Ku Norfolk amalima mbewu yopangira shuga yofanana ndi mbatata yaikulu yoyera, yomwe amakumba nthawi yozizira, ndipo mathirakitala amasiya matope m'timisewu ta m'midzi, oterera kuposa a ku Tsangano chifukwa pansi pake pali tara. Agwape ang'onoang'ono amadumpha m'mipanda mbandakucha. Lamulo, kuyambira mu 1973, limakakamiza helemeti yokha, koma wokwera wopanda magolovesi okhuthala zala zimauma asadayende mamailosi 3, ndipo zala zouma sizigwira buleki. Masiku a chisanu choopsa ndimaimbira kuofesi kuti andiphatikize ndi wa galimoto.

Chaka chatha ndidatumiza ndalama ya njinga ya kabaza ya mphwanga, mwana wa achemwali anga, ku Ntcheu. Ndidauza achemwali kuti makiyi asunge iwo mpaka laisensi, nambala ndi inshulansi zitapezeka. Mnyamatayo adandiimbira atakwiya. "Malume, pa siteji pathu anzanga akupanga ndalama tsiku lililonse opanda mapepala amenewo. Inu mukufuna njinga ichite dzimbiri m'nyumba?" Adali ndi mfundo zake. Kuchokera ku Ntcheu kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 160, ulendo wake si umodzi, ndipo ndalama ya sukulu, ya mayeso ndi ya inshulansi ndi yolemera kwa munthu amene amapeza ya tsikulo. Ndikadakhala woweruza ndikadati mapepalawa awayandikitse kwa anthu ndi kuwatsitsa mtengo, chifukwa kulanda njinga kokha sikuphunzitsa munthu kucheuka. Koma lamulo la kwathu nalo limafuna inshulansi ya third party, ndipo aliyense amene wazondapo wodwala m'mawodi a mafupa ku Lilongwe kapena ku Blantyre waona miyendo ingati yabwera ndi kabaza. Ndidamuuza kuti ndalama ya mapepala ndiyonjezera ine, koma makiyi satuluka.

Njingayo idakhala pabalaza la achemwali miyezi 3, yofunditsidwa chitenje, alendo akuifunsa ngati ndi ya malonda. Chithunzi cha laisensi chidafika pa foni yanga ndili pakhomo la agogo ena, popanda moni kapena mawu aliwonse. Pano akukwera. Chimene tikukanganabe ndi helemeti yachiwiri, ya wokwera kumbuyo. Akuti amayi amaikana chifukwa imaphwanya tsitsi lomangidwa kumene, abambo akuti imanunkha thukuta la eni, ndipo akaumirira amatsika n'kukwera ya mnzake. Achemwali asoka tizipewa tansalu tovala m'kati, totha kuchapa madzulo, ndipo akuti sabata ino mayi mmodzi wogulitsa tomato wavomera kuvala kuchokera pa boma mpaka pa Kampepuza.